Kompyuta yodwala Lamulungu ndi Lolemba

Papita miyezi isanu chiyambireni kuphunzira kukonza makompyuta. Usiku ndimawerenga, masana ndimakhala pa benchi ya amalume m'tauni muno mu Harare, kumene anthu amabwera ndi makina awo kuchokera ku Mbare, Mufakose mpaka ku Chitungwiza. Pa makina onse amene ndagwirapo, amene andiphunzitsa kwambiri ndi desktop yakale ya mpingo wathu ku Highfield.

Ili ndi Windows 10 ndi hard disk ya 500 GB, ndipo a mlembi amasungamo mayina a akhristu, za chopereka ndi makalata a ubatizo. Dandaulo lawo linali lakuti masiku ena fayilo imakana kutseguka, Windows n'kumati yawonongeka, ndipo poyatsa, kompyuta imayamba yafufuza kaye disk isanalowe. Masiku ena zonse bwinobwino.

Ine ndinathamangira chkdsk /f, pulogalamu ya Windows yofufuza ndi kukonza zolakwika pa disk. Inapeza zolakwika, inakonza, ndinabweza kompyuta mtima uli m'malo. Patatha sabata a mlembi anaimba foni: "Mwana wanga, zayambiranso." Ndinachitanso zomwezo. Ulendo uno ndinapeza foda yobisika ya found.000, m'kati mwake muli zidutswa zothera ndi .chk, ndipo fayilo ya chopereka cha miyezi iwiri inali itasowa pamalo pake. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinali ndisanakopere kalikonse pena. Chinatipulumutsa ndi kope limene a mlembi amalembamo pamanja.

Amalume sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Mphwanga, kodi chkdsk imakonza chiyani?" Ndinati imakonza disk. Anapukusa mutu n'kundikhazika pansi. Anati chimene imakonza ndi kaundula wa NTFS (njira imene Windows imasungira mafayilo pa disk), mndandanda wonena kuti fayilo yakutiyakuti ili pati ndipo yatenga malo otani. Ikapeza zosagwirizana imadula apa n'kulumikiza apo mpaka kaundulayo awongoke, ngakhale fayilo ina iduke pakati. Koma chimene chikusokoneza kaundulayo sabata ndi sabata, chkdsk sichidziwa n'komwe.

Tinayamba ndi kukopera zonse pa disk ina. Kenako anandipatsa kope ndi cholembera, n'kundiuza nditsegule Event Viewer, m'mene Windows imalemba zochitika ndi zolakwika zake, ndilembe tsiku ndi nthawi ya cholakwika chilichonse. Kale ndinkangoona nambala 55, imene imanena kuti NTFS yaonongeka. Nditawerenga mzere ndi mzere ndinaona kuti isanabwere 55 pamakhala 153, yonena kuti Windows yabwereza kuwerenga kapena kulemba pa disk, ndi 129, yonena kuti disk inasiya kuyankha mpaka inachita kudzutsidwa.

Ndinali wotsimikiza kuti ndi magetsi. Aliyense kuno amayambira pomwepo, ndipo n'zoona kuti akazima kompyuta ili m'kati molemba, fayilo imatha kuonongeka. Koma kuzima kwadzidzidzi kumasiya chizindikiro chake, nambala 41 ya Kernel-Power, ndipo masiku a 41 sankagwirizana ndi masiku a 55. Ndinasiya pulogalamu ya MemTest86 ikuyesa RAM, memory ya kompyuta, usiku wonse, m'mawa osapeza kanthu.

Chinatsala ndi SMART, mbiri imene disk imadzisungira yokha. Mu CrystalDiskInfo, pulogalamu yowerengera mbiriyi, mizere ya 05 ndi C5, imene imawerenga malo oonongeka pa disk penipenipo, inali pa ziro. Mzere wa C7 ndiye unali ndi nambala yaikulu. Umenewu umawerenga maulendo amene uthenga unafika wosokonekera pakati pa disk ndi motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Ndinafuna kusintha chingwe cha SATA cholumikiza ziwirizi nthawi yomweyo, amalume anandigwira dzanja. Nambala imeneyi sibwerera pa ziro, anatero, mwina ndi ya chingwe china cha zaka zapitazo; ilembe, uone ngati ikukwera. Masiku atatu pa benchi sinasunthe. Titabweza kompyuta ku Highfield, Lolemba ndinaipeza itakwera.

Apa m'pamene kope linandithandiza. Nditayala masiku onse, ndinaona kuti pafupifupi onse ndi Lamulungu kapena Lolemba. Loweruka ndinakwera kombi kukakhala mu ofesimo osagwira kanthu, kungoyang'ana. Amayi a mvano anabwera kudzakolopa. Mayi wina ananyamula bokosi la kompyuta mosamala, naliika pa mpando kuti lisanyowe, atatha nalibwezera pansi. Anachita zoyenera, ndipo akanapanda kutero madzi akanalowa. Nditatsegula bokosilo ndinapeza chingwe cha SATA chopanda kachitsulo kotsekera, chitapindika mothina pa chivundikiro cha m'mbali, pulasitiki ya kumutu kwake itang'aluka. Kungochikhudza ndi chala chinkagwedera. Chivundikiro chimenechi ndinali nditachitsegulapo kawiri kupukuta fumbi, koma chingwecho sindinachiyang'ane, chifukwa maganizo anga onse anali pa zimene zinkaoneka pa sikirini.

Ndinaika chingwe chatsopano chokhala ndi kachitsulo, ndinachimanga kuti chisakhudze chivundikiro, ndipo tinapezera bokosilo malo pamwamba pa tebulo. Sindinasinthe china chilichonse tsiku limenelo, ngakhale ndinkalakalaka kuikamo SSD, disk ya mtundu watsopano yothamanga. Ndikanasintha ziwiri, sindikanadziwa chimene chachiritsa. Pamenepo ndiye ndinayendetsa chkdsk komaliza.

A mlembi ndawasonyeza kukopera mafayilo pa flash Lamulungu lililonse akaweruka ku mapemphero, ndipo akuchita. Ine ndimapitabe Lolemba lililonse kukawerenga C7. Maulendo awiri tsopano ili pomwe inali, ndipo mu Event Viewer mulibe 153 yatsopano. Amalume akuti ndipitirize mpaka akwane maulendo anayi ndisanatseke tsamba limeneli m'kope.