Kachotupa ka pansi pa phazi komwe kanawakhazika achemwali pansi zaka zinayi

Nkhani ya achemwali ndakhala ndikufuna kuilemba kalekale koma ndimadikira ayambe kaye kuyenda bwinobwino, kuopa kulengeza zinthu zisanapse. Dzulo ndawaona akutsika pa sacramento (njinga ya kabaza) pafupi ndi msika wa Taifa okha osagwirira munthu, nde ndati basi lero ndilembe.

Achemwali ndi akulu anga, amagulitsa zitenje, mayi wojintcha amene ankasenza katundu yekha kuchoka ku depoti osafuna waganyu. Zinayamba ndi mapazi kuwawa, kenako msana ndi m'chiuno. Inu mukudziwa kuno ku Mzuzu chilichonse timanamizira kuzizira, munthu akangoti mafupa akuphwanya aliyense amati ndi nyamakazi iyo, June akapita zisiya. June anapita, October anabwera ndi dzuwa lake, ululu uli pompo. Brufen, diclofenac, mafuta opakapaka aja, zonse anamwa ndi kupaka mpaka m'mimba munayamba kuwotcha.

Chaka chachiwiri zinafika poti akakhala pamkeka sangadzuke osayamba akwawa kukagwira mpando. Kukwera minibasi kondakitala amachita kuwakankha kumbuyo. Mayendedwe anasintha, akupendekera uku ndi uku ngati bakha, ana a ku Chibavi mpaka kumawatsanzira, zinkandipweteka mtima zimenezo. Tsiku lina m'mawa anangoyetsemula, kuyetsemula basi, nkukuwa atagwira m'nthiti. Ekisire inaonetsa nthiti yothyoka. Munthu sanagwe, sanamenyedwe.

Zipatala tinayenda, sinditchula maina. Kwina anaganiza TB ya msana, anayeza, palibe. Kwina anati ndi kunenepa, achepetse thupi. Wina anachita kuwauza kuti mayi mukuganiza kwambiri. Kumudzi ku Ntcheu nako azakhali anali atagamula kale mlandu, ati anzawo a pamsika awaponda chifukwa cha bizinesi, ndipo mphini zilipo m'chiunomo mpaka lero, ndalama inapita yambirimbiri. Chimene chinandiopsa ine ndi tsiku lina tili ku tchalitchi titaimirira, ndinazindikira kuti ndikuona pamwamba pa duku lawo, chonsecho moyo wathu wonse tinali ofanana msinkhu.

Amene anatitsegula maso ndi dokotala wina wachinyamata ndithu. Anawerenga mabuku onse akuchipatala, atatu odzadza, nkufunsa kuti, "Mayi, fosifeti anakuyezanipo?" Ife kuyang'anana. Shuga anayeza, magazi anayeza kangapo, kashiamu anali bwinobwino nthawi zonse nchifukwa chake aliyense ankati mafupa alibe vuto, koma fosifeti, mchere wina wa m'magazi womanga mafupa, ayi, pakuti sakhala m'gulu la zoyeza za masiku onse, amachita kulemba dokotala mwadala. Zotsatira zinabwera 0.4, pomwe munthu wamkulu amayenera kukhala pakati pa 0.8 ndi 1.5. Chinanso chotchedwa alkaline phosphatase chinali chokwera, chizindikiro choti mafupa akuvutika.

Kenako anafunsa ngati amamwa ma ARV. Achemwali anakwinya nkhope, ati adokotala mwayamba zimenezo? Iye anaseka nkufotokoza kuti si chipongwe, mankhwala a tenofovir amene ali m'ma ARV ambiri kuno amatha kupangitsa impso za anthu ena kutaya fosifeti, nde amayenera afunse. Anafunsanso ngati kubanja kwathu kuli ana a miyendo yamatewe, poti pali mtundu wina wa vutoli wa kumtundu umene umayamba munthu ali mwana. Zonse ayi. Apa mpomwe anatchula dzina lomwe ndinachita kumupempha alembe papepala: tumor-induced osteomalacia, mwachidule TIO, kutanthauza kufewa kwa mafupa koyambitsidwa ndi chotupa.

Ndifotokoze mmene ndinamvera ine, poti ndinafunsa mpaka kutopetsa. Fupa kuti lilimbe limafuna kashiamu ndi fosifeti pamodzi, chimodzi chikasowa zili ngati khoma lomwe womanga wabako simenti, limaoneka lilipo koma ukalitsamira limagumuka. Impso zikamasefa magazi zimabweza fosifeti wambiri m'thupi. Ndiye pali holomoni ina dzina lake FGF23, tonse tili nayo pang'ono, ntchito yake nkuuza impso kuti fosifeti wachuluka, tayani. Kwa achemwali kunali kachotupa penapake kamene kamapanga FGF23 mopyola muyeso, impso nkumangotayira fosifeti mumkodzo usana ndi usiku. Holomoni yomweyo imatsitsanso vitamini D amene amathandiza matumbo kuyamwa zimenezi m'chakudya. Nde ife usipa wa ku Nkhata Bay tinkawagulira uja, mkaka, mazira, mapilisi a kashiamu a ku famase, kunali kutunga madzi ndi dengu.

Nthendayi ndiyosowa zedi, madokotala ambiri amapuma pantchito asanaionepo. Anayamba kuilemba ndi Robert McCance wa ku Britain mu 1947, ndipo Andrea Prader wa ku Switzerland mu 1959 ndi amene ananena kuti chotupacho ndiye gwero. FGF23 yeniyeniyo yadziwika cha m'ma 2000 momwemu. Nde sindiwada kwenikweni amene anaiphonya aja, koma uja anati akuganiza kwambiri yekhayo sindinamukhululukire, munthu wothyoka nthiti poyetsemula?

Vuto lalikulu tsopano ndi kukapeza kachotupako. Nthawi zambiri si khansa, kamakula pang'onopang'ono, kamakhala kakang'ono ngati nzama ndipo kamabisala paliponse, m'fupa la ntchafu, m'nsagwada, m'kati mwa mphuno, m'manja, kumapazi. Kunja amagwiritsa ntchito sikani ya PET yokhala ndi mankhwala otchedwa gallium-68 DOTATATE, amene amakakamira pa kachotupako nkukaonetsa pa kompyuta. Ife tinayamba kale kuwerengetsa za ulendo wa ku South Africa, alamu akuti agulitsa puloti ya ku Luwinga.

Koma adokotala aja anati tiyambe ndi manja kaye. Anaitana nesi, anawapapasa achemwali kuyambira kumutu, m'kamwa anaunikamo ndi tochi, m'khwapa, m'ntchafu, mpaka anati vulani masokosi. Achemwali akuvula akuti, "Kumeneko kulibe kanthu adokotala, kuli kanjerewere chabe, kakhala zaka, ndinaponda minga." Ine ndinkakadziwa kameneko, ndinkawasambitsa ndine, ndakhala ndikukadutsa ndi mwala wotsukira mapazi osaganizako kanthu. Kolimba, pansi pa phazi lamanzere pafupi ndi chidendene, kosawawa. Dokotala anakakanikiza ndi chala nthawi yaitali osayankhula.

Zotsatira zake mwachidule, magazi anatumizidwa kunja kukayeza FGF23 ndipo anabwera okwera, phazi analijambula MRI. Podikira opaleshoni anawapatsa fosifeti wakumwa ndi vitamini D wamphamvu uja, alfacalcidol. Fosifetiyu amamwa kangapo patsiku chifukwa thupi limangomutaya, ndipo amatsegula m'mimba koopsa, achemwali ankati bola nyamakazi ija kkkk. Amene chotupa chawo sichipezeka amakhala pa mankhwala amenewa zaka, akuyezedwa pafupipafupi chifukwa amatha kuyambitsa miyala mu impso. Kuli jakisoni wina, burosumab, amene ku America anamuvomereza pa nthendayi mu 2020, amatsekereza FGF23 yo, koma mtengo wake si wa munthu wogulitsa zitenje.

Pa opaleshoni anadula mokulirapo kuposa kachotupako, ati kakatsalira ngakhale kachidutswa kamaphukanso. Chimene sindinakhulupirire ndi liwiro lake. FGF23 sichedwa kutha m'magazi gwero likachoka, nde sabata isanathe fosifeti anali atabwerera pamalo pake popanda mankhwala aja. Zaka zinayi za kulira, sabata imodzi. Mafupa okha ndi amene anatenga miyezi, anawapatsa kashiamu ndi vitamini D poti mafupa anjala aja amayamba kumeza chilichonse, ndipo anayamba ndi ndodo ziwiri, kenako imodzi. Msinkhu sunabwerere, ndine wamtali tsopano ndipo ndimawanyoza nazo. Azikayezetsabe fosifeti nthawi ndi nthawi, pakuti kwa ena kamabwereranso patapita zaka.

Azakhali atamva anati chabwino, koma mingayo anaitchera ndani panjirapo? Achemwali anangoti, "Azakhali, ndinapondatu kumunda kwanu komweko," nkupitiriza kupinda zitenje zawo.