Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Bokosi la Maloko Atatu

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinasiya ntchito ya usiku ku Kettering n'kuyamba kusamalira gogo wina wa zaka 88 kumudzi wina pafupi ndi Thrapston, m'chigawo cha Northamptonshire. Dzina lawo sinditchula, poti anatisiya ndipo ana awo alipo. Tizingoti agogo.

Ntchito yomwe tinagwirizana inali kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala ndi kuphika. Koma panalinso ina yomwe sanandiuze: kuwawerengera. Maso awo anali atachita khungu pang'ono, pomwe tebulo lodyera linali litadzaza mapepala moti nsima ndinkadyera pamwendo. Ankafufuza makolo awo. Kunena zoona, poyamba ndinkaseka chamumtima. Ndinkati izi ndi za anthu okhuta, kuwononga ndalama kufunafuna anthu oti anaola kalekale.

Tsiku lina anandipempha kuti ndiwakankhire panjinga yawo mpaka kutchalitchi cha m'mudzimo. Pakona panali chibokosi chathabwa chakuda bii, chomangidwa ndi zitsulo, chokhala ndi malo a maloko atatu. Agogo anachisisita ngati akusisita mwana. Anandifotokozera kuti mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba m'buku maubatizo, maukwati ndi maliro onse. Poyamba ankalemba pamapepala, koma chinyezi ndi mbewa zinadya ambiri, ndiye mu 1598 analamula kuti azilemba pazikopa, komanso kuti chaka chilichonse azikopera mainawo n'kutumiza kwa bishopu. Kiyi mmodzi ankasunga wansembe, awiri enawo akuluampingo awiri, kuti pasapezeke munthu wotsegula yekha n'kusintha zinthu. Ndinakumbukira bokosi la banki m'khonde la amayi anga, nalonso la maloko atatu. Anthu ndife amodzi, sitikhulupirirana.

Tinatsegula, munali nsalu zapaguwa basi. Mabuku enieniwo anawatengera kosungira zakale ku Northampton, ndipo zithunzi zake zili pa intaneti. Kuyambira pamenepo masana aliwonse ndinkakhala ndi tabuleti, kukulitsa zilembo zokhotakhota, agogo akumvetsera maso ali chitsinzinire.

Pang'onopang'ono ndinazolowera. Mabuku akale kwambiri amangoti mwana wakuti, wa bambo wakuti, wabatizidwa. Mayi nthawi zambiri satchulidwa n'komwe, chinthu chomwe chinkandinyansa ine wakuchikamwini. Kuyambira 1754 maukwati anali ndi buku lawolawo, ndipo mkwati ndi mkwatibwi ankayenera kusaina. Apo ndi pomwe tinapeza agogo a agogo awo ena, mwamuna ndi mkazi yemwe, atangolemba X. Kuyambira 1813 mabuku anabwera osindikizidwa kale, okhala ndi mpata wolemba ntchito ya bambo. Boma linayamba kulemba lokha obadwa ndi omwalira mu 1837, ndipo kalembera wa 1851 ankafunsa mudzi womwe munthu anabadwira. Pamzere wa makolo a agogo mawu anali amodzimodzi chaka ndi chaka: ag lab. Ndiye kuti wolima m'munda mwa eni. Aganyu, abale anga. Azungu aganyu.

Pepala lomwe linandikhudza silinali la ubatizo. Linali lamulo la oweruza lochotsa mayi wamasiye ndi ana ake atatu m'mudzi. Kuyambira 1662, parishi iliyonse inkadyetsa amphawi ake okha, ndipo wobwera amene akuoneka kuti akhala mtolo ankabwezedwa kumene malamulo ankati n'kwawo. Kwa mkazi wokwatiwa, kwawo kunali kwa mwamuna wake, ngakhale asanapondeko. Pepalalo linalemba dzina la mwana aliyense ndi zaka zake, mosamala kuposa buku la ubatizo. Ndinawerenga mokweza, mawu anga n'kuyamba kunjenjemera. Sabata yomweyo ndinali nditatumiza mafomu owonjezera visa yanga, ndikudikira kuti munthu wosandidziwa anene ngati ndikhale kapena ndizipita. Ndinkawasirira anthuwa kuti makolo awo analembedwa. Tsikulo ndinaona kuti wosauka ankalembedwa bwino kwambiri pomwe anthu akukangana kuti amudyetse ndani.

Agogo anamva kuti ndakhala chete. Anafunsa kuti, "Nanga iwe agogo ako anabadwa liti?"

Ndinayankha kuti anatha msinkhu chaka cha njala ya 1949. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, mnyamata wolembayo anawayang'ana kumaso, n'kuwerengera chammbuyo kuchokera pa njalayo, n'kuwapatsa chaka. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anafunsa dera lakwathu. Nditati Chiradzulu, pafupi ndi Namadzi, m'dziko lomwe iwo ankalitchulabe Nyasaland, anangoti Loweruka ndiwatengere ku Twywell.

Twywell ndi kamudzi kakang'ono pakati pa Kettering ndi Thrapston, kotchulidwa kale m'kaundula wa Mfumu William wa 1086. Kale anthu ake ankakumba miyala ya chitsulo. M'tchalitchi chake cha St Nicholas, pamipando ya akwaya, anasemapo nyama zakwathu ku Africa pokumbukira wansembe wawo Horace Waller, yemwe anatumikira pamenepo kuyambira 1874 mpaka 1895. Dzinali ndinalimvapo ku pulayimale koma linali litandithawa. Waller, asanadzozedwe, anali m'gulu la amishoni a Anglican la UMCA, lotsogozedwa ndi Bishopu Mackenzie, lomwe linafika ku Magomero mu 1861. Magomero wake womwewu, komwe ndinkapita panjinga kukagula nandolo. Mmodzi mwa akapolo omwe gululo ndi David Livingstone anamasula chaka chimenecho anali kamnyamata kachiyao, Chuma. Ndi yemwe pambuyo pake, pamodzi ndi Susi ndi anzawo, ananyamula mtembo wa Livingstone kukafika nawo kugombe la nyanja. Mu 1874 awiriwa anabwera ku England, ndipo Waller anadalira zomwe ankamuuza pokonza zolemba zomaliza za Livingstone kuti zisindikizidwe.

Ndinaima ndikugwira thabwalo. Kwa zaka 21 munthuyu ankasaina pambali pa maina a makanda a m'mudzi muno, tsiku ndi mwezi zonse zilipo. Chaka chomwe Chuma anabadwa olemba mbiri amangoyerekeza kuti ndi cha m'ma 1850, monga anachitira mnyamata uja ndi agogo anga. Ndipo nkhani ya masiku omaliza a Livingstone, yomwe azungu anasindikiza, inatuluka m'kamwa mwa anthu awiri oisunga pamtima.

Usiku womwewo ndinaimbira amalume pa WhatsApp, poti ndiwo mwinimbumba.

"Malume, amayi awo a agogo dzina lawo anali ndani?"

Anatchula. Anatchulanso amayi awo a amenewo, omwe anachokera ku Mozambique wapansi, kudzera ku Mulanje, mwana ali kumsana. Anatchula mfumu yomwe inawapatsa malo, ndi mtengo womwe anaikidwa pansi pake. Kupitirira apo anati akafunse kwa achemwali awo aakulu. Ine ndinkalemba kuseri kwa pepala la mankhwala a agogo, poti ndilo linali pafupi.

Kenaka anakhala chete nthawi yaitali, ndinkamva nkhuku zokha.

"Koma mphwanga, tandiuza chilungamo. Wakutuma ndani? Nkhani yake ndi ya munda wakudimba uja?"

Ndinalumbira kuti ayi, koma sanakhulupirire. Pofika Lolemba mudzi wonse unali utamva kuti wa ku UK uja akufuna malo. Mmene nkhaniyo inafikira kwa amfumu, ndi ndalama zomwe inandidyera, tikambirana m'gawo lotsatira.