Momwe ndinauyendera msika wa Chatuchak ku Bangkok

Loweruka loyamba limene ndinapita kumsika wa Chatuchak ndinabwerako mutu ukuwawa, chikwama chili pepuu. Ndinafika cha m'ma 1 koloko masana, dzuwa lili paliwombo. Nditangolowa ndinaona madiresi a thonje amene anandigwira mtima, koma ndinati ndiyambe ndazungulira kaye, ndiwagula pobwerera. Shopu ija sindinaionenso. Ndinaifunafuna kwa ola lathunthu, kanjira kalikonse kakufanana ndi kanzake, mpaka miyendo inakana. Lamulungu lake ndinapitanso nditakonzeka, ndipo zimene ndikulemba pano ndi za ulendo wachiwiriwo.

Muyambe mwadziwa kukula kwake. Msikawu uli chakumpoto kwa mzinda wa Bangkok, likulu la dziko la Thailand, pamalo a maekala pafupifupi 35, ndipo muli timashopu toposa 15,000. Kumapeto kwa sabata mumalowa anthu pafupifupi 200,000. Ine ndinakulira mumsika wa Limbe, phokoso ndi kuthithikana sizindiopsa, koma uwu ndi mtundu wina. Unayambira ku Sanam Luang, pafupi ndi nyumba yachifumu, ndipo anausamutsira kuno mu 1982 pamene mzindawu unkakwanitsa zaka 200. Umatsegulidwa wonse Loweruka ndi Lamulungu kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Palibe munthu angaumalize tsiku limodzi, ndiye usiku wa Loweruka ndinakhala pansi n'kulemba zinthu zinayi zokha zomwe ndinkafuna: madiresi, zikwama zam'manja, sopo wonunkhira wa mphatso ndi mbale zamatabwa.

Takisi ndinaisiya. Misewu ya Bangkok imadzadza moti mita imangowerenga galimoto itaima. Dzulo lake ndinali nditakwera sitima yam'mwamba ya BTS n'kutsikira pa Mo Chit, pomwe umayendako pang'ono m'chigulu cha anthu usanafike pachipata. Ulendo uno ndinakwera yapansi pa nthaka, ya MRT, ndipo sindinatsikire pa siteshoni ya Chatuchak Park ngakhale dzina lake limakopa. Ndinapitirira mpaka yotsatira, Kamphaeng Phet, n'kutulukira khomo lachiwiri. Ukangomaliza masitepe, uli kale mumsika. Inali 9 koloko itangodutsa, ena akupachika kumene katundu, mpweya ukadali wopumika.

Ndalama ndinasinthiratu m'tauni, ndipo ndinapempha kuti andipatse zing'onozing'ono, ma 20, ma 50 ndi ma 100 baht. Ukatulutsa ya 1,000 m'mawa pogula kanthu ka 60 baht umangomuvutitsa wogulitsa ndi chenje. Eni dziko ambiri amalipira pa foni pojambula kachizindikiro ka QR, koma njira imeneyo imayendera akaunti ya banki ya komweko, choncho mlendo adalire ndalama zogwira m'manja. Makina a ATM alipo, kungoti amadula ndalama zoposa 200 baht nthawi iliyonse ukatapa ndi khadi yakunja. Kachikwama ka ndalama ndi pasipoti ndinakavala kutsogolo, pamimba, chifukwa m'tinjira tija anthu amakhudzana mapewa ndipo opisa m'matumba sasowa pamalo otero.

Tsopano nkhani imene inandipweteka dzulo lake. Shopu iliyonse ku Chatuchak ili ndi keyala yake. Msikawu anaugawa m'zigawo zokhala ndi manambala, ndipo tinjira ta mkati, timene eni ake amati soi, tilinso ndi manambala. Ukakweza maso pakhomo pa kanjira uona chikwangwani cholembedwa Section ndi nambala, Soi ndi nambala. Loweruka ndinkayenda maso ali pa katundu, osayang'ana m'mwamba ngakhale kamodzi. Lamulungu, ndikaona chinthu chondisangalatsa, ndinkajambula zithunzi ziwiri pa foni: katunduyo, kenako chikwangwani cha kanjirako. Ogulitsa ambiri alinso ndi timakhadi tolembedwa keyala yawo, ndipo amapereka mosavuta ukawapempha. Ngakhale zili choncho, kubwerera m'mbuyo kumadya nthawi ndi mphamvu, moti chinthu chikandikhutiritsa ndipo mtengo wake uli wabwino ndinkagula pomwepo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakubweza ukasokera. Choyamba ndi msewu waukulu umene umazungulira mkati mwa msika; ukatopa ndi tinjira tamdima, yenda molunjika mbali imodzi ndipo utulukira mumsewuwo. Chachiwiri ndi nsanja ya wotchi imene ili chapakati, yomangidwa mu 1987 pokondwerera kuti Mfumu Bhumibol Adulyadej yakwanitsa zaka 60. Ngati muli awiri kapena atatu, panganani musanayambe kuti mukatayana mukumane pansanjapo, ndipo tchulani ola. Kuimbirana foni sikuthandiza kwenikweni pamene aliyense akuti waima pafupi ndi shopu ya malaya.

Potulukira pa Kamphaeng Phet ndinayambira zigawo 2, 3 ndi 4, momwe achinyamata opanga okha masitayilo amagulitsa zovala zawo. Zigawo 5 ndi 6 ndi za kaunjika, majinzi ndi nsapato zakale zosankhidwa bwino, ndipo zina n'zodula kuposa zatsopano. Chigawo 7 ndi cha zojambula pamanja. Sindinagulemo kanthu, koma ndinakhalamo nthawi yaitali kuposa momwe ndinakonzera, chifukwa ojambula ena amakhala pomwepo akugwira ntchito yawo.

Kunenerera kulipo, koma kuli ndi mwambo wake. Anthu a ku Thailand sakonda mawu okweza kapena nkhope yokwinya, ndipo ukanyoza katundu kuti mtengo utsike wogulitsa amangokhala chete, nkhani yathera pomwepo. Ndinaphunzira timawu tiwiri: "thao rai" pofunsa mtengo, ndi "lot noi dai mai" popempha kuti achotseko pang'ono. Mayi amawonjezera "kha" kumapeto, bambo "khrap", posonyeza ulemu. Mayi wina wogulitsa zikwama anandilembera mtengo pa kakyuleta, ine n'kulemba wanga, iye n'kuseka n'kulemba wina wapakati. Chimene chinatsitsadi mtengo si pakamwa panga ayi, koma kuchuluka kwa katundu: nditanena kuti nditenga zitatu, anandipatsa mtengo wopikulitsa. Popeza ndinali kasitomala wake woyamba tsikulo, anatenga ndalama ndinamupatsazo n'kumagunditsa pa zikwama zotsalazo kuti malonda ayende bwino. Pomwe mtengo walembedwa pachikwangwani, komanso pa zakudya, sindinanenerere, ndipo sindikuona chifukwa cholimbanirana ndi munthu pa 10 baht pamene iye watha tsiku lonse m'kashopu kotentha ngati uvuni.

Kutenthako ndi nkhani yeniyeni. Pofika 11 koloko malata aja anali atayamba kuwotcha, thukuta lili kamukamu. Ndinkagula botolo la madzi ozizira pafupifupi ola lililonse. Nkhomaliro ndinadya msanga anthu asanadzadze m'mabenchi: nyama ya nkhumba yowotcha pa timitengo, imene amati moo ping, ndi mpunga womata, kenako ayisikilimu wa kokonati amene amakuikira m'chigoba chake chomwe. Ngati tsabola simumulimba, nenani kuti "mai phet" asanayambe kuphika, chifukwa tsabola wa kumeneko sachita masewera. Zimbudzi zilipo ndipo zina amalipiritsa kandalama kochepa, choncho sungani makobidi achitsulo ndi tishu wanu. Dzuwa litafika poipa ndinakalowa mu Mixt Chatuchak, nyumba ya mashopu yoziziritsidwa imene ili m'mbali mwa msikawu, n'kukhala pansi theka la ola.

Kumbali yogulitsira ziweto ndinangodutsa. Mu June 2024 kumeneko kunabuka moto umene unapha nyama pafupifupi 1,000 zili m'makola, ndipo kuona tinyama tili wefuwefu m'timakola tating'ono kunandiwawa mtima. Pa zosemasema ndi zinthu zamakedzana, samalani kwambiri. Chilichonse chooneka ngati mnyanga wa njovu, chikopa cha nyama yakutchire kapena chigoba cha kamba musachikhudze n'komwe. Kwathu ku Malawi lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika pa zaka 30 m'ndende, ndipo njovu zimene zimaphedwa chifukwa cha malonda amenewa zambiri ndi za kuno ku Africa. Ziboliboli za Buddha nazonso zimafuna chilolezo cha boma kuti zituluke m'dzikomo.

Katundu atachuluka ndinagula chikwama chachikulu chazipi, cha mtundu wa shangazi, n'kulongedzamo zonse. Mumsikamo muli makampani otumiza katundu kunja, othandiza ngati mwagula zolemera monga mipando kapena mbale zadothi, koma funsani mtengo wotumizira musanagule chinthucho, osati mutagula kale. Amene mukupita kukaoda zovala zambiri za bizinesi, Lachisanu usiku kuyambira 6 koloko kumakhala malonda opikulitsa pomwepa, ndipo ku Pratunam, pakati pa mzinda, kumayenera kufikidwanso. Chatuchak imaposa pa zinthu zimene sungazipeze pena.

Cha m'ma 3 koloko ndinawoloka msewu kupita ku Or Tor Kor, msika wa zipatso waukhondo kwambiri, kumene ndinagula mango ndi mangosteen. Chipatso china chotchedwa durian ndinalawira pomwepo, chifukwa fungo lake n'lamphamvu moti saloleza kulowa nalo m'sitima ngakhale m'mahotela ambiri. Kenako ndinakapuma pa kapinga mu Chatuchak Park kudikira kuti dzuwa lipepe. Itakwana 6 koloko nyimbo ya fuko inayamba kumveka pa zokuzira mawu, ndipo aliyense, othamanga ndi ogulitsa omwe, anaima chilili pomwe anali. Nanenso ndinatula chikwama pansi n'kuima mpaka inatha, kenako ndinatsikira pa siteshoni ya Chatuchak Park kukakwera sitima yobwerera.