Ka screenshot kandiyambanitsa ndi azakhali

Lachitatu

Foni yalira 5 koloko m'mawa ndisanasukusule n'komwe. Azakhali aku Dedza. Moni osapereka, angofikira kuti "Iwe, ndiye kuti ife pamaliro a bambo ako paja tinabwerera nsima eti?" Ine kakasi.

Nkhani yake ili chonchi, Lamulungu ndinalemba pa Facebook za maliro. Ndinayamba ndi mawu aja anthu amakonda kuyankhula muminibasi oti masiku ano anthu amapita kumaliro kukadya basi, kenako m'munsimo ndikuwatsutsa, kufotokoza za azimayi amene anagona pamkeka masiku atatu kwathu, kutunga madzi, kuphika utsi uli m'maso, komanso adzukulu amene anakumba manda panthaka youma gwa ya mu Okutobala. Koma positi ikatalika Facebook imaidula n'kuika ka See more kaja, ndiye wina wake osadina n'komwe wangojambula pomwepo, timizere tinayi, dzina ndi nkhope yanga zili pamwamba, waponya pa WhatsApp. Msuweni wanditumizira kuti ndione, kali kale ndi timivi tiwiri ta Forwarded many times, kusonyeza kuti kadutsa m'manja osachepera asanu kasanafike pagulu la kubanja.

Masana ndili kuntchito ndapezanso zina. Peji ina yatenga gawo la m'munsi lija, la azimayi ndi adzukulu, yachotsa dzina langa, yawonjezera vesi yomwe ine sindinalembe, kumapeto yangoti Copied. Anthu kumakomenti mpaka "admin mumatha, mwandiliza". Aaa. Ndiye kumene akutukwana kuli dzina langa, kumene akuombera m'manja kulibe mwini wake. Copied yo kwa ndani? Munthu kukopera ndime zitatu zathunthu osatopa, koma dzina lokha kumulemera.

Mnzanga wa pa desiki akuti ndipite ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, lamulo la Copyright la 2016 limatetezanso zolemba osati nyimbo zokha. Nzoona, koma ndikamunenera ndani poti pejiyo chithunzi chake ndi cha mkango?

Madzulo ndagula mayunitsi a K500 ndawaimbira azakhali kuti ndiwawerengere positi yonse kuyambira pamwamba, amve okha. Amangoti "mmh, mmh", pena kukalipira mbuzi. Ndafika pa azimayi a pamkeka paja ndamva mawu awo ayamba kufewa, akuti "pitiriza". Mayunitsi andithera ndisanafike pa adzukulu.