Gawo langa linali la njinga

Tinali atatu m'timu yathu: wosambira, ine wopalasa njinga, ndi wothamanga. Mpikisano wa triathlon wa mtunda wautali umayamba ndi kusambira makilomita 3.8, kenako njinga makilomita 180, pomaliza marathon ya makilomita 42.2. Ambiri amachita zonsezi okha, monga unayambira ku Hawaii mu 1978. Ife tinagawana.

Chimene sindidzaiwala ndi kudikira kuja. Ndinaima pafupi ndi njinga yanga m'mamawa, maso ali kumadzi, mtima uli phaphapha. Mnzanga atatuluka anabwera akudzandira, milomo itachita bii ndi kuzizira. Ndinagwada n'kumasula kachipangizo kowerengera nthawi pakakolo pake, zala zikunjenjemera, n'kukamanga pamwendo panga. Anangoti, "Pita," mpweya utamuthera.

Makilomita 100 oyamba anayenda bwino. Kenako mphepo inatembenuka n'kuyamba kundiomba kumaso. Malamulo salola kubisala kumbuyo kwa wopalasa wina, choncho mphepo yonseyo umailandira wekha. Msana unauma, ntchafu zikuyaka moto. Ndikanakhala ndekha mwina ndikanachepetsa liwiro, koma ndinkangoganiza za wothamanga wathu, amene anali atandidikira maola oposa 6 dzuwa likuswa mtengo, osadziwa kuti adye nthawi yanji.

Nditamumangirira kachipangizoko ndinangokhala pansi, miyendo itakana. Usiku tinakamudikira pafupi ndi mzere womaliza, ndipo mamita otsiriza tinathamanga naye tonse atatu, titagwirana manja.