Makhonde a masitolo akale pa boma la Dedza

Msewu wodutsa pakati pa boma la Dedza udakali ndi masitolo akale amene amwenye anamanga asanalamulidwe kuchoka m'maboma aang'ono m'zaka za m'ma 1970. Chimene chimandikopa ndi makhonde ake. Denga la malata limatsetsereka kupitirira khoma n'kukakhala pa zipilala za njerwa zootcha, kotero kuti mvula simenya khomalo, ndipo telala amatha kuika makina ake pamthunzi anthu akudutsa pambali pake. Pansi pa khonde pamakhala pokwera ndithu kuti madzi otsika m'phiri asalowe m'sitolo. Makoma ake ndi ochindikala, chinthu chofunika m'tauni imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa.

Ku Blantyre, nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, imatetezedwa ndi boma, ndipo palibe angagwetse khonde lake mwachisawawa. Kuno ena akutseka makhonde ndi mabuloko a simenti kuti apeze chipinda china chochititsa lendi. Ndikumvetsa kuti ndalama ikufunika, komabe zimandipweteka mtima, ndipo ndikanakonda akuluakulu oona za zinthu zamakedzana akanabwera kudzalemba masitolowa m'kaundula asanasinthiretu.