Injini yanga inayenda mwakachetechete kuposa zonse

Poti alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi, ndipo akuithira mchere wosaneneka, bola ndiinene ndekha. Inde, ndinaima pamaso pa anthu asanu n'kumatamanda injini imene sinkagwira ntchito. Koma imvani kaye.

Kainjini kanga ka Stirling kaja, kokhala pamwamba pa kapu ya madzi otentha n'kumayendera kutentha kwake, kankayenda bwinobwino ndisanakasokoneze. Chinandilowa n'chofuna sitiroko yosinthika, kutanthauza kuti mtunda umene pisitoni imayenda uzitheka kusintha. Ndinasema kangalande pa kambale ka kiranki, kamene kamazungulira limodzi ndi gudumu la injiniyo, kuti kapini kogwira mkono wa pisitoni kazisendera kunja kapena m'kati, kenako n'kumangidwa ndi kanati. Masamu ake ngosavuta: kapini kakatalikira pakati ndi mamilimita 4, pisitoni imayenda 8. Kuwirikiza kawiri basi. Ine ndinati 4 ndi ya amantha, n'kukankhira pa 9.

Nditangokankha gudumu, pisitoni inatulukiratu m'kasilinda kake kagalasi, phu! n'kumalendewera ngati lilime la galu wotopa. Alamu anayamba kutsokomola chifuwa chabodza.

Mwamsangamsanga ndinabwezeretsa pisitoni, kapini n'kukabweza m'kati. Sipana sinaoneke, ndiye kanati ndinangokamanga ndi zala. Ndinakankhanso gudumu.

Abale, linazungulira! Popanda ngakhale gogodo. Mtima unakhala pansi, pakamwa panatseguka. Ndinawauza za Robert Stirling, m'busa wa ku Scotland amene analembetsa injiniyi mu 1816. Ndinawafotokozera kuti chimbale chopepuka cham'katicho ntchito yake ndi kungosuntha mpweya, ukafika kotentha ufutukuke, ukafika kozizira unyale, ndipo chimatsogola ndi madigiri 90 kuti pisitoni ilandire mphamvu pa nthawi yake. Gudumu likayamba kufooka ndinkalikankhanso ndi chala, n'kumati, "Ikutenthetsa thupi kaye." Ndinakankha mwina ka 30. Ndinafika mpaka potseka maso, kukweza chala m'mwamba, n'kunena kuti, "Tamverani, alamu. Mwamva chiyani? Palibe. Umenewu ndiye umisiri." Ndinawauzanso kuti asapume mwamphamvu, angasokoneze kutentha. Anthu akuluakulu anagwiradi mpweya.

Kenako kamwana ka mchemwali wanga, kamene nkhope yake inali kufupi ndi tebulo kuposa tonsefe, kanafunsa mwaulemu kuti, "Amalume, nanga kanthu kakudaka n'chifukwa chiyani kangoima?"

Kapini kanali katatsetsereka m'kangalande muja mpaka pakati penipeni. Ziro mukamuwirikiza kawiri amakhala ziro yemweyo. Pisitoni inali phee, ikundiyang'ana. Injini yonse imene ndinkaitamayo inali chala changa chamkombaphala.

Tsopano chilungamo chinenedwe. Ine ndinalonjeza sitiroko yosinthika, ndipo tsiku limodzi lomwelo inasintha kuchoka pa mamilimita 18 kufika pa 0. Ndani mwa osekanu anafikapo pamenepo? Komanso injini zoyendera kapu ya madzi zimafuna sitiroko yaifupi, chifukwa kutentha kukakhala kochepa sizitha kulimbana ndi mpweya wopanikizika kwambiri. Ndiye kunena zoona ndinalowera kolondola, kungoti ndinapitirira pang'ono.

Sipana ija ndinaipeza madzulo m'thumba la malaya amene ndinavala. Pofika nthawi imeneyo madzi anali atazizira kalekale, ndipo alamu anali atayamba kale kundipatsa moni pogwedeza chala chimodzi. Kanati kaja sindinakamangebe.